Thumba logonamo la nthenga likasiya kufunda: kupeza vuto ndi kulikonza

Chaka ndi chaka, Juni ndi Julayi akafika, okwera phiri la Mulanje ndi ogona ku Nyika kapena pamwamba pa Zomba amabwera ndi dandaulo limodzi. Thumba logonamo la nthenga, lomwe ambiri amangoliti sleeping bag, linkafunda bwino chaka chatha, koma ulendo uno munthu wachezera kunjenjemera mpaka mbandakucha. Ambiri amafulumira kunena kuti thumba latha, n'kuyamba kufunafuna lina. Kawirikawiri silikhala litatha. Thumba la nthenga losamalidwa bwino limagwira ntchito zaka zopitirira 10, ndipo zambiri zomwe zimalifoola zimakonzeka pakhomo pomwepo.

Nthenga sizitulutsa kutentha. Kutentha kumachokera m'thupi lanu, ndipo ntchito ya nthenga ndi kugwira mpweya kuti usayendeyende ndi kuthawitsa kutenthako. Nthenga zimene zimaikidwa m'matumba amenewa si za m'mapiko ayi, koma zofewa zija za pachifuwa ndi kumimba kwa bakha kapena tsekwe, zopanda kamtengo pakati. Zikauma ndi kuyera zimafufuma, n'kusunga mpweya wambiri ngakhale zili zopepuka. Zikanyowa, zikada, kapena zikapanikizika, zimafwapa ndipo thumba limasanduka nsalu ziwiri za nayiloni basi. Ndiye pofufuza vuto pali mafunso awiri okha: chikuletsa nthenga kufufuma n'chiyani, nanga kutentha kukutulukira pati?

Yambani ndi kuliyeza kunyumba

Tulutsani thumba m'kathumba kake, likutumuleni kangapo mutagwira chakumapazi, muliyale pansi pouma litatsekedwa zipi, mulisiye mphindi 30. Kenako imikani rula pambali pake cha pachifuwa ndi kuyeza kufufuma kwake. Gawani nambalayo pawiri, chifukwa chimene chimakufunditsani ndi mbali ya pamwamba yokha. Thumba loti mugonemo bwino kukazizira kufika pa madigiri 0 liyenera kukhala ndi pafupifupi masentimita 5 a nthenga pamwamba panu, kutanthauza masentimita 10 mbali zonse ziwiri. Likamathera pa 5 kapena 6 mbali zonse ziwiri, mwina linapangidwira nyengo yotentha, mwina nthenga zake zafwapa.

Tsegulani zipi yonse ndi kuliimika pa zenera masana. Thumba limagawidwa m'tizipinda tosokedwa mopingasa kuti nthenga zisathawire mbali imodzi. Kachipinda kalikonse kayenera kuoneka kakuda mofanana. Pamene kuwala kukudutsa, pamenepo palibe nthenga. Papasaninso ndi zala: mukamva timibulu tolimba, nthenga zaumbana. Linunkhizeni chakumutu ndi chakumapazi.

Kumbukiraninso pamene munkamva kuzizira, chifukwa zimenezi zimafupikitsa ntchito. Kuzizidwa kumsana, m'chiuno ndi paphewa lomwe mwagonera kumaloza chogonera chanu, osati thumba. Kuzizidwa pachifuwa kapena pamaondo kumaloza nthenga zosamuka. Kuzizidwa m'khosi ndi m'mapewa kapena motsatira zipi ndi mphepo yolowa. Thupi lonse likamayamba kuzizidwa cha m'ma 3 koloko usiku, ganizirani chinyezi, njala, kapena thumba losayenera malowo.

Kuzizira kochokera pansi

Ili ndi vuto limene limanamiziridwa thumba kuposa ena onse. Nthenga zimene mwagonera zimapanikizika ndi thupi lanu mpaka kutsala zopyapyala, ndipo sizifunditsa chilichonse ngakhale thumbalo likhale la mtengo wapatali. Nthaka, thanthwe ndi simenti zimayamwa kutentha mwachangu kuposa mpweya. Chimene chimakutetezani pansi ndi kamatilesi kogonera.

Mphamvu ya kamatilesi imalembedwa ndi nambala yotchedwa R-value. Kamatilesi ka siponji yolimba kopindika kaja kamakhala ndi R pafupifupi 2. Kopyapyala kochitira masewera olimbitsa thupi sikapitirira 1 kwenikweni. Matilesi opopa opanda chilichonse m'kati amapusitsa anthu ambiri: amaoneka okhuthala, koma mpweya wa m'kati mwake umazungulira ndi kutengera kutentha kwanu pansi, ndiye R yake imakhalanso pafupi ndi 1. Kukazizira kuyandikira madigiri 0 mumafunika R ya 3 kapena kuposa. Ubwino wake manambalawa amaphatikizana, choncho kusanjikiza timatilesi tiwiri ta siponji kumakufikitsani pafupi ndi 4. Ngati muli ndi opopa ndi a siponji, yalani onse awiri.

M'nyumba za m'phiri la Mulanje monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo musadalire kuti mukapezako matilesi okwanira gulu lonse. Nyamulani anu. Mukapezeka mulibe, yalani chikwama chopanda katundu kunsi kwa miyendo, jekete ya mvula ndi zovala zonse zotsala kunsi kwa msana ndi chiuno. Makatoni ouma amathandizanso kwambiri.

Nambala yolembedwa pa thumba

Matumba ambiri abwino amayezedwa motsatira muyezo wa ISO 23537, womwe unalowa m'malo mwa EN 13537 m'chaka cha 2016. Pamakhala manambala atatu. Ya Comfort ndi kuzizira komwe mkazi wa thupi lapakati angagone momasuka osazizidwa. Ya Limit ndi komwe mwamuna wa thupi lapakati angagone atadzipinda. Ya Extreme ndi komwe munthu angapulumuke maola 6 osafa ndi chisanu, koma akunjenjemera ndipo ali pangozi. Ogulitsa ena amalemba nambala yomalizayi m'zilembo zazikulu, ndiye munthu amagula thumba lolembedwa -10 pamene Comfort yake ndi +5. Nambala yodalira ndi ya Comfort, makamaka kwa amayi, anthu ochepa thupi, achikulire ndi aliyense amene sanazolowere kugona kozizira. Poyezapo amagwiritsa ntchito chidole chotenthetsedwa chovala zovala zam'kati zazitali, chitagona pa matilesi okhuthala. Mukachotsa chimodzi mwa zimenezi, nambalayo siikukhudzaninso.

Palinso nambala ya fill power, monga 600, 700 kapena 800. Imanena kuchuluka kwa malo omwe magalamu 28 a nthengazo amadzaza zikafufuma. Payokha siinena kuti thumba ndi lofunda bwanji. Muyenera kuonanso kulemera kwa nthenga zimene zili m'katimo. Thumba loyenera madigiri 0 kawirikawiri limakhala ndi magalamu pakati pa 350 ndi 500 a nthenga za 800, ndipo nthenga za 600 zimafunika zochulukirapo. Lokhala ndi magalamu 200 ndi la nyengo yotentha, ngakhale nthenga zake zikhale zabwino motani.

Anthu amaiwalanso kutalika kwa phiri. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, nyumba za m'phiri la Mulanje zili cha m'ma 1,800 mpaka 2,200, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa 3,002. Ngati usiku ku Blantyre kwafika madigiri 12, ku Chisepo yembekezerani 5 kapena kutsikirapo. Kukakhala kopanda mitambo ndi mphepo kumazizira kuposa apo, ndipo m'madambo a ku Nyika udzu umachita kuyera ndi chisanu m'mamawa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukadikha m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje. Kusuntha tenti kuchoka m'dambo kupita pa kamtunda, pansi pa mitengo, kumatha kukupatsani madigiri angapo kwaulere.

Chinyezi

Aliyense anaonapo nkhuku yovumbwa ndi mvula momwe imachepera thupi ndi kunjenjemera. N'zomwezo zimachitika m'thumba, kungoti zimachitika pang'onopang'ono osaoneka. Usiku woyamba thumba limafunda, wachiwiri limachepa mphamvu, wachitatu mumadabwa ngati ndi lomwe lija. Vuto likamakula motsatira masiku a ulendo chotere, ndi chinyezi ndithu.

Madziwo amachokera mbali zinayi. Yoyamba ndi thupi lanu lomwe: ngakhale simukutuluka thukuta looneka, khungu ndi mpweya wopuma zimatulutsa madzi okwana kapu imodzi kapena kupitirirapo usiku umodzi. Nthunziyo imadutsa m'nthenga, ikafika pa nsalu yakunja yozizira imasanduka madzi n'kutsalira momwemo. Choipitsitsa ndi kufunda kumutu ndi kupumira m'thumba. Kumakoma kwa mphindi zochepa, koma kukamacha nthenga za pachifuwa zimakhala zanyowa. Kokani chingwe cha chipewa cha thumbalo mpaka kutsale kabowo ka mphuno ndi pakamwa, ndipo muzipumira kunja.

Yachiwiri ndi zovala. Kugona ndi malaya amene mwakwera nawo phiri, kapena kulowetsa masokosi onyowa m'thumba kuti aume, ndi kusamutsira madziwo m'nthenga. Khalani ndi zovala zogonera zouma zomwe simuyenda nazo masana, zosungidwa m'jumbo yakeyake: malaya a mikono yaitali, buluku lam'kati, masokosi ndi chipewa.

Yachitatu ndi tenti. Mukatseka paliponse poopa kuzizira, mpweya wanu umasanduka madontho pa denga ndi m'makoma, ndipo mapazi a thumba amakhudza khomalo usiku wonse. Siyani timazenera ta pamwamba totsegula, ndipo chitseko chakunja muchitsegule pang'ono kumwamba kwake. Ngati tenti ndi yaifupi, vekani jekete ya mvula yotseka zipi chakumapazi kwa thumba. Musalikute lonse ndi pulasitiki, chifukwa nthunzi yanu imasowa potulukira ndipo mudzuka litanyoweratu.

Yachinayi ndi nyengo. Chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene imabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique pakati pa Meyi ndi Ogasiti, imatha kukuta Mulanje, Thyolo ndi Zomba masiku angapo otsatizana. Chikwama sichiletsa madzi ngakhale mutachiveka chophimba chake, poti madzi amatsikira kumsana n'kulowa. Ikani jumbo yaikulu yolimba m'kati mwa chikwama, thumba lilowe pansi penipeni m'jumbomo, mupotokole kukamwa kwake ndi kupinda. Nthenga zina masiku ano zimapakidwa mankhwala oletsa madzi. Zimachedwa kunyowa ndipo zimauma msanga, koma zikamizidwa zimanyowa ndithu.

Mankhwala a chinyezi pa ulendo ndi amodzi. Mukangodzuka, thumba likadali lofunda, likulungeni kuyambira kumapazi kuti mpweya wonyowa utuluke usanazizire, kenako litembenuzeni kunja kukhale m'kati ndi kuliyanika pa thanthwe louma kapena pa chingwe kwa mphindi 20 mpaka 30. M'mawa kukakhala nkhungu musaliyanike, lingoyamwa madzi ena. Lilongedzeni, mukalitulutse masana popuma dzuwa likawala. Musaliumitse pafupi ndi moto.

Litsiro, ndi kachapidwe kake

Thumba likakhala louma koma silikufufuma, nsalu ya m'khosi ikunyezimira ndi mafuta, ndipo likumveka fungo la thupi, vuto ndi litsiro. Mafuta a khungu ndi a tsitsi, thukuta, mafuta odzola ndi utsi zimalowa m'nthenga n'kuzimata pamodzi. Anthu ambiri amaopa kuchapa thumba la nthenga, ndipo mantha amenewa ali ndi chifukwa, poti kuchapa molakwika kumaliwonongeratu. Koma kulisiya lakuda kumaliphanso. Kuchapa kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri n'kokwanira kwa munthu woyenda mwa apo ndi apo.

Nthenga zili ndi mafuta ake achilengedwe amene amazipangitsa kukhala zofewa ndi zosathyoka. Sopo waufa wochapira zovala amachotsa mafuta amenewa ndi kusiya zotsalira zomata. Mankhwala ofewetsa zovala amakuta nthenga, oyeretsa amazidya, ndipo mankhwala a ku dry cleaning amaziumitsa mpaka kumathyoka. Zonsezi zisakhudze thumba lanu. Sopo woyenera ndi wopangidwira nthenga, monga Nikwax Down Wash Direct kapena Grangers Down Wash. Amapezeka mosavuta m'masitolo a zokwerera mapiri ku South Africa ndi ku Britain, ndiye ngati muli ndi wachibale wobwera kuchokera kumeneko, botolo limodzi lidzakuchapirani kangapo. Akasowa, gwiritsani ntchito sopo wamadzi wofatsa wosanunkhiritsa, ngati wosambitsira makanda, masupuni awiri okha, ndipo mutsukuluze kwambiri.

Sankhani nyengo. Kwathu kuno nthawi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, kukamatentha ndi kuuma. Musachape m'dzinja kapena m'masiku a chiperoni ngati mulibe makina oumitsira, chifukwa nthenga zikakhala zonyowa masiku ambiri zimachita chuku.

Musanayambe, matani mabowo onse, tsekani zipi, masulani zingwe, ndipo litembenuzeni kunja kukhale m'kati. Thirani madzi ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, m'bafa kapena m'beseni lalikulu loyera, musungunuliremo sopo. Thumba louma limayandama ndipo limavuta kumiza. Njira yake ndi kulimiza likadali m'kathumba kake kopanikiza, n'kumalitulutsa pang'onopang'ono pansi pa madzi, kuti pofufuma liyamwe madzi m'malo mwa mpweya. Likanyeni mofatsa ndi zikhato, lisiyeni mphindi 20 mpaka 30, mulikanyenso. Malo akuda a m'khosi muwapukute ndi siponji. Osalitikita, osalimenyetsa pa mwala.

Tayani madziwo thumba lili momwemo, mulikanikize ndi manja kuti madzi atuluke, muthire ena oyera. Bwerezani kasanu kapena kupitirira, mpaka madzi otuluka asakhale ndi thovu ngakhale pang'ono. Sopo wotsalira ndi amene amachititsa kuti thumba lochapidwa lifufume moperewera kuposa kale.

Apa ndi pamene matumba ambiri amafera. Nthenga zonyowa zimalemera kwambiri, pamene makoma a tizipinda ta m'kati ndi kansalu kopyapyala ngati ka neti. Mukalinyamula mutagwira mbali imodzi, kapena mukalipotokola pofinya, makomawo amang'ambika m'kati momwe simungaone, ndipo nthenga zidzakhala zikusamuka moyo wake wonse. Likulungeni lili pansi, mulikanikize, mulikulungenso m'matawulo ouma kuti amwe madzi, kenako mulinyamule lonse pamodzi manja ali kunsi, kapena m'beseni.

Ngati mugwiritsa ntchito makina ochapira, akhale otsegula kutsogolo ndi aakulu. Otsegula pamwamba okhala ndi chipilala chozungulira pakati amakola thumba ndi kuling'amba. Tsukani kaye motengera sopo, sankhani kuchapa kofatsa pa madigiri 30, ndipo mutsukuluze kawiri kowonjezera.

Likatuluka m'madzi limaoneka ngati lawonongeka, lopyapyala ndi la mibulu. Musataye mtima, ndi mmene limakhalira. M'makina oumitsira, ikani kutentha kotsikitsitsa ndi mipira ya tenisi yoyera iwiri kapena itatu yoti iziphwanya mibuluyo. Zimatenga maola atatu mpaka asanu, nthawi zina kuposa. Muzilitulutsa pakapita mphindi 30 zilizonse kuona ngati nsalu siikutentha kwambiri, poti nayiloni yopyapyala imasungunuka. Popanda makina, liyaleni chogona pa thandala loyera kapena pa zingwe zinayi kapena zisanu zoyandikana, pamalo podutsa mphepo. Osalipachika pa chingwe chimodzi likadali lolemera. Dzuwa la m'mawa ola limodzi kapena awiri silivuta, koma tsiku lonse padzuwa la Okutobala limafooketsa nsalu, ndiye nthawi yotsalayo likhale pamthunzi. Pakapita maola awiri kapena atatu alionse, litembenuzeni ndi kumasula mibulu ndi zala muli kunja kwa nsalu, kachipinda ndi kachipinda. Madzulo lilowetseni m'nyumba kuopa mame. Yembekezerani masiku awiri mpaka anayi.

Nsalu imauma msanga nthenga zisanaume, ndipo izi zimanyenga. Mbulu uliwonse umene watsala uli ndi madzi pakati. Kuti mutsimikize, liikeni m'jumbo yaikulu yoonekera m'kati, mumange, muliike padzuwa ola limodzi. Jumbo ikachita nthunzi, pitirizani kuyanika.

Kuti musamachape pafupipafupi, sokani kansalu kogonamo kolowa m'kati mwa thumba. Telala aliyense angakusokereni ndi nsalu yopepuka ya mamita awiri ndi theka kapena atatu. Kamalandira litsiro lonse, kamachapika ngati chovala wamba, ndipo kamawonjezera kufunda pang'ono.

Nthenga zosamuka ndi kasungidwe

Ngati pa zenera paja munaona malo owala pachifuwa koma m'mbali muli modzaza, nthenga zangotsetsereka. Matumba ena tizipinda take timazungulira kuchokera pamwamba mpaka kunsi, mwadala, kuti muzitha kusamutsa nthenga. Tsegulani zipi, gwirani mbali ya kunsi m'mwamba, mukutumule ndi kuphaphatiza ndi chikhato kuti nthenga zibwerere pamwamba. Chitani zimenezi madzulo alionse, ndipo muziyala thumba mphindi 30 musanagone kuti lifufume. Nthenga zikamadutsa kuchoka m'kachipinda kena kupita kena, khoma lam'kati lang'ambika, ndipo kukonza kwake kumafuna kusula msoko ndi kusokanso. Matumba opepukitsitsa ena alibe makoma n'komwe, nsalu yakunja ndi yam'kati zimangosokedwa pamodzi, ndiye pa msoko uliwonse pamazizira. Limenelo si vuto lokonza, ndi mapangidwe a thumba la nyengo yotentha.

Kathumba kopanikiza ndi ka paulendo pokha. Thumba likakhala mmenemo miyezi, nthenga zimapindika ndi kuthyoka, ndipo zina sizibwereranso. Kunyumba lisungeni m'thumba lalikulu la nsalu ya thonje kapena m'chikuto cha pilo chachikulu, momasuka, pamwamba pouma. Musalitsekere m'pulasitiki. M'miyezi ya mvula, Disembala mpaka Malichi, muzilitulutsa kamodzi pa mwezi tsiku louma kuti lipitidwe mphepo. Makoswe amakonda nthenga pomanga zisa, choncho lisakhale kudenga kapena m'chipinda chosungira chimanga. Polongedza ulendo musalipinde mwadongosolo, ingolikankhirani m'kathumba kuyambira kumapazi, kuti mpweya utulukire kumutu ndipo nsalu isamapindike malo amodzimodzi.

Mabowo, zipi ndi mphepo yolowa

Kanthenga kakatulukira pa nsalu musakazule. Kamakoka tinzake ndi kukulitsa bowo. Katsineni kuchokera kuseri kwa nsalu ndi kukabwezera m'kati, kenako tikitani pamalopo ndi chala kuti ulusi ubwerere m'malo. Kutuluka kwa tinthenga towerengeka, makamaka thumba likali latsopano, si vuto.

Mabowo enieni ambiri amabwera ndi mbaliwali za moto, anthu akamaotha atadzifunditsa thumba. Bwezerani nthenga m'kati, pukutani pamalopo ndi sipiriti, dikirani paume. Dulani chigamba cha tepi yomatira nayiloni, monga Tenacious Tape, chopitirira bowo ndi masentimita awiri mbali zonse, ndipo ngodya zake muzidule mozungulira kuti zisamatuke. Matani nsalu itatambasuka, mutikite mwamphamvu. Tepi wamba kapena pulasitala ya pabala ingakupulumutseni usiku umodzi, koma muichotse mukafika kunyumba isanasiye ulimbo. Kusoka ndi singano yaikulu pa nsalu yopyapyala chotere kumangowonjezera mabowo.

Zipi ikaluma nsalu, musakoke mwamphamvu. Kokerani nsaluyo m'mbali uku mukubweza kamutu ka zipi pang'onopang'ono. Potseka, muzitsogoza chala m'kati kuti chizikankha nsalu. Zipi ikamatseguka m'mbuyo mwa kamutu, mano sanathe, kamutuko ndi kamene kakhamuka. Kabwezereni poyambira, mukapane pang'ono kwambiri ndi pulaya mbali zonse ziwiri, muyese, mubwereze ngati kuli kofunika. Mukapana mopitirira kamathyoka, koma telala angathe kuikapo kena ka saizi yomweyo, yomwe imalembedwa kuseri kwake, kawirikawiri 3 kapena 5. Zipi youma muitsuke ndi mswachi ndi kupakapo kandulo.

Kuseri kwa zipi kumakhala kamtsamiro kakatali ka nthenga kotchinga mphepo, ndipo matumba ambiri ali ndi kena kozungulira khosi kokhala ndi chingwe chakechake. Anthu ambiri sakamanga n'komwe. Mukatembenuka, thumba limapopa mpweya wofunda kutulukira kukhosi ndi kukoka wozizira. Mangani ka m'khosi kaye, kenako chipewa. Thumba likakutalikirani, malo otsala kumapazi muwadzaze ndi zovala zouma kapena muwamange ndi chingwe kunja. Likakuthinani, musavale zovala zambiri mpaka kukanikiza nthenga kuchokera m'kati. Jekete yokhuthala ndi bwino kuiyala pamwamba pa chifuwa m'kati mwa thumba kusiyana ndi kuivala.

Thumba lili bwino koma mukuzizidwabe

Munthu wotopa, wanjala ndi wozizidwa kale sangafunditse thumba. Idyani chakudya chotentha madzulo, ndipo musanagone muwonjezere chamafuta monga mtedza wodzaza dzanja kapena chiponde. Imwani madzi okwanira, mukodze musanalowe, ndipo mkodzo ukakugwirani usiku dzukani ndithu m'malo mogona maso. Mowa umanamiza: umatsegula mitsempha ya pakhungu, mumamva kufunda, koma kutentha kukuthawa. Lowani m'thumba thupi lili lofunda, mutayendayenda kapena kunyonyomala ndi kuimirira kwa mphindi ziwiri, osafika potuluka thukuta. Masokosi akhale omasuka, chifukwa othina amachepetsa magazi kumapazi.

Botolo la madzi otentha limasintha usiku wonse. Likhale lolimba lopirira madzi otentha ndi lotseka bwino. Mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi amakwinyika ndi madzi owira ndipo angakutayikireni m'thumba. Liyeseni mozondotsa, livekeni sokosi, muliike pakati pa ntchafu kapena kumapazi. Mbaula kapena chitofu zisalowe m'tenti yotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala supereka chizindikiro ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Mnzanu akamanjenjemera kosaleka, kulankhula mosamveka, kusokonezeka maganizo kapena kulephera kutseka zipi ndi zala zake, nkhani siilinso ya thumba. Thupi lake lazizira moopsa. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumuike m'thumba pa matilesi okhuthala ndi mabotolo ofunda okutidwa pachifuwa ndi m'khwapa. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni chakumwa chotentha cha shuga. Akasiya kunjenjemera koma akadali wosokonezeka kapena akuodzera, vuto lakula: mugwireni mofatsa, agone chogona, ndipo tumizani uthenga wopempha thandizo msanga.

La pa kaunjika, ndi lomwe lathadi

Matumba ambiri kwathu kuno amagulidwa pa kaunjika, ndipo nthawi zina mumapezeka abwino kwambiri. Werengani kansalu ka m'kati. Mawu oti goose down kapena duck down ndi manambala ngati 90/10 kapena 80/20 akutanthauza gawo la nthenga zofewa poyerekeza ndi tinthenga ta mitengo. La 50/50 limalemera, limabaya ndipo silifunda kwenikweni. Pakalembedwa polyester kapena hollow fibre, mulibe nthenga. Limenelo limapirira chinyezi, koma likafwapa ndi ukalamba silidzukanso ngakhale mulichape. Lifinyeni m'manja ndi kulisiya: la nthenga zamoyo limadzuka lokha. Lakuda koma losang'ambika m'kati ndi loyenera kugula, poti mabelo amalipanikiza miyezi yambiri ndipo kuchapa ndi kuumitsa bwino kumalibwezera mphamvu yambiri.

Lisiyeni ngati lili ndi madontho akuda a chuku ndi fungo la chinyontho lolowerera, ngati nsalu ikung'ambika mukaikoka pang'ono ndi zala, kapena ngati tizipinda tambiri tili topanda kanthu. Lanu lomwe, mukalichapa bwino, kuliumitsa mpaka mbulu womaliza, koma n'kumafufumabe theka la mmene linkachitira, ndipo pokutumula pakutuluka fumbi loyera, nthenga zake zathyokathyoka. Likhoza kugwirabe ntchito kunyanja kapena m'miyezi yotentha, kapenanso kuliyala lotsegula pamwamba pa thumba lina pokagona ku Nyika, komwe lidzawonjezera kufunda ndi kulandira mame m'malo mwa thumba lam'katilo.